Kaundula wa pa Chiromo

Anandipatsa buku la mizere yofiira,
cholembera, ndi inki youma msanga ndi dzuwa la kuno.
Mzungu wa boma anati: Khembo, lemba dziko lino,
malire ake, anthu ake, malonda ake.
Atatero anakwera ku Thyolo kukapuma mphepo.

Ndinayamba ndi malire.
Ruo amatsika ku Mulanje atasenza mvula ya eni ake,
nadzaitula pakhomo pathu usiku, osaodira.
Shire ndiye sasaina pangano.
Chaka chino wagona apa, chaka chamawa wasamuka
atabereka dimba la Nyakhuwa kumsana,
n'kukalitsitsa tsidya la Apwitikizi,
chimanga chake chikadali ndi ngaiyaye.
Mapu a bwana ali phee pakhoma.
Mtsinje sunawaonepo.

Kenako anthu.
Lachiwiri ndinawerenga nyumba makumi anayi pamudzi wa Fombe.
Lachisanu ndinapeza zina zisanu ndi ziwiri, udzu wake wauwisi,
eni ake manja otupa ndi mbalamatodya,
bwato limene linawaolotsa litamizidwa m'bango.
Ndinafunsa: mudabwera liti?
Anati: ife? Tidabadwira pompano.
Ndinalemba momwemo.

Tsiku la msonkho mudzi womwewo unali zii.
Ndinapeza nkhuku, mtondo wogwa chammbali,
ndi Tchale wakhungu akusoka ukonde.
M'dambo munali utsi woonda m'malo asanu ndi atatu.
Kodi utsi uli ndi mzere wake m'bukumu?

Mzere uwu ngwa Amang'anja, uwu ngwa Asena.
Nanga kamtsikana kotola nyika kaja,
bambo Msena akuti mwana ngwa kuchimuna,
mayi Mmang'anja akuti mwana ngwa mbumba,
ndikaike pati?
Ndinakalemba kawiri.
Ndinabwezera amene malungo anatenga ndisanafike.

Malonda ndiwo bwana amawakonda.
Thonje: mabelo mazana atatu.
Chitowe, mpunga, mtedza, phula la njuchi.
Ndaona dengu la Semba likulemera pamutu
kuchokera ku Makhanga mpaka kuno,
n'kupepuka mwadzidzidzi litangokhala pasikelo.
Makobiri ake sanatenthe n'komwe m'manja:
ena kumsonkho, otsala kwa Mmwenye
pa mikono iwiri ya biriwita.

Sitima ya ku Chinde yatitimira pamchenga masiku asanu.
Amalinyero akukoka chingwe madzi ali m'chiuno,
akuimba kuti ng'ona imve kuti ndi ambiri.
Woyendetsa akutukwana mtsinje m'chizungu.
Njanji nayo yafika, ikutsokomola,
ikuti sitima ya pamadzi yakalamba.
Mvuu zangoyasamula.

Koma pali malonda ena opanda mzere.
Mchere wotcheza m'dothi, kusinthana ndi mapira a kumphala.
Milamba yowamba, yokwera phiri pamutu pa anyamata.
Uchema wa mgwalangwa, womwedwa pangongole.
Nyika za chaka cha njala,
zimene zinasunga anthu onse ndikuwerengawa
popanda kudutsa pasikelo ya munthu.
Izi ndinasiya.
Cholembedwa chimakhomeredwa msonkho.

Mwezi wa Malichi madzi analowa mu ofesi.
Ndinakweza buku padenga, ndinakhala nalo masiku awiri
pamodzi ndi tambala wa mesenjala ndi njoka yonyowa
imene sinafune mlandu ndi aliyense.
Kuchokera pamenepo ndinaliona boma lonse lathunthu:
mbee, kuyambira kuno mpaka ku Ndindi,
migwalangwa itaima m'madzi ngati mitengo yopimira,
anthu m'mabwato, mbuzi pachulu.
Sindinaliwerengepo bwino chotero.

Bwana atatsika anafunsa chiwerengero.
Ndinamupatsa nambala yoyera, yothera ndi ziro.
Anagwedeza mutu, naidinda, naitumiza ku Zomba
itauma bwino.

Madzulo ndinapita kudooko kukasamba inki.
Nyakhuwa anali tsidya, akupalira dimba lake lija
m'dziko la eni,
nandikuwira kuti ndibwere ndi bwato,
maungu acha.